Chenjezo kwa Makolo a ku Mithete, Moatize ndi Zóbuè: Musagule Lonjezo Loti Mwana Wanu Alankhula

Makolo anzanga, agogo, azakhali ndi amalume, nonse amene mukulera mwana wochedwa kulankhula kapena wolankhula mosiyana ndi anzake, imani kaye musanamasule mfundo ya ndalama pa chitenje. Aliyense wokuitanirani ku maphunziro a makolo amene akulonjeza kuti mwana wanu wa otizimu achira, kapena kuti pakutha pa milungu yakutiyakuti alankhula, akukunamizani. Musamupatse ndalama. Musamusiyire mwana. Musamwetse mwana kanthu kalikonse kochokera m'chikwama chake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndikulankhula monga munthu amene anapsa kale.

Ndikulembera makamaka ife a ku Mithete, amene tinabalalika pamene mabanja 1,365 a ku Mithete, Chipanga, Malabwe ndi Bagamoyo anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010 kuti mgodi wa malasha upeze malo. Ena tili ku Cateme, ena ku 25 de Setembro, ndipo achibale ena ali m'midzi ya m'mbali mwa msewu wa N7 mpaka kuchipata cha Zóbuè. Kale mayi akaona chachilendo pa mwana ankangotuluka pakhomo n'kukafunsa apongozi kapena azakhali. Lero ambiri timafunsa foni, ndipo m'foni mumalowa aliyense, wodziwa ndi wosadziwa yemwe.

ZIMENE ZINATIONEKERA PAKHOMO PATHU

Mdzukulu wanga wamwamuna anakwanitsa zaka zinayi asanatchulepo kuti "amama". Akamva ludzu ankagwira dzanja la mayi ake n'kulikokera ku mtsuko, osawayang'ana kumaso. Sitima ya malasha ikalira ankatseka makutu n'kudzigwetsa pansi. Anthu ananena zambiri. Ena anati bambo ake anamukhwimira kuti apeze ntchito, ena anati mayi ake analumpha mankhwala ali oyembekezera.

Kenaka pa WhatsApp panabwera uthenga wa maphunziro a masiku atatu. Mwini wake anali munthu waulemu, wovala bwino, wonyamula mapepala a zidindo. Tinagulitsa mbuzi ziwiri n'kupita. M'chipindamo munali mayi wina amene mwana wake ankaimba nyimbo zonse za pa wailesi, wina amene mwana wake ankawerenga kale, ndi ife a mwana wosatulutsa liwu. Tonse anatipatsa pepala limodzi, malangizo ake amodzimodzi: mugwireni chibwano kuti akuyang'aneni, ndipo musamupatse madzi mpaka atatchula yekha kuti "madzi".

Tinamvera. Munali mu Okutobala, ndipo kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, kumapyola madigiri 40. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinamupeza mwanayo atakhala pafupi ndi mtsuko, milomo ili gwa, akumenyetsa mutu kukhoma. Liwu silinatuluke. Chinatuluka ndi mantha. Kwa milungu yambiri sanagwirenso dzanja la mayi ake. Dzanja lija ndilo linali pakamwa pake, ndipo ife tinamutseka. Titaimba foni kuti tifunse, nambala ija inali itazima.

ANA AWA SALANKHULA MOFANANA

Otizimu, imene kuchipatala kuno amaitchula kuti autismo, ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka ana ena, ndipo mwana amabadwa nako. Imakhudza mmene amamvanirana ndi anthu, mmene amasewerera, ndi mmene amamvera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa. Si ufiti, si tchimo la mayi, si kukhwima kwa bambo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali nayo. Choncho pa sukulu iliyonse yaikulu ya ku Moatize ana otere alipo, kaya akudziwika kaya ayi.

Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, amene anafotokoza za otizimu mu 1943, analemba za ana 11. Mwa anawo, 8 ankalankhula ndipo 3 sankalankhula. Kusiyanaku kunaoneka kuyambira pachiyambi pomwe. Akatswiri a masiku ano amati pa ana anayi kapena atatu a otizimu, mmodzi amakula ndi mawu ochepa kwambiri kapena wopanda mawu n'komwe.

Pali mwana wosalankhula, monga wanga. Amamva zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo amanena zofuna zake pokoka dzanja, pokankha mbale, polira, pothawa.

Pali mwana wobwereza mawu. Mukamufunsa kuti "Ukufuna nsima?" nayenso amati "Ukufuna nsima?" Amatha kunena malonda onse a pa wailesi m'Chipwitikizi chosalala, koma m'mimba mukamupweteka sangathe kunena. Makolo amati amachita dala popeza pakamwa alipo, n'kumukwapula. Sachita dala ayi. Mawu ali nawo, koma sanadziwe kuwatuma.

Palinso mwana wolankhula bwinobwino. Amadziwa mtundu wa lole iliyonse yodutsa pa Zóbuè ndi dziko limene yachokera, ndipo angakufotokozereni mpaka dzuwa kulowa. Koma sazindikira kuti mnzake watopa, samva nthabwala kapena mwambi, amauza wamkulu chilungamo pamaso pa anthu n'kutchedwa wamwano. Uyu ndiye amanamizidwa msanga ndi anzake, amatumidwa zoipa, ndipo kusukulu amalangidwa pa zinthu zimene sanazimvetse.

Ana atatuwa sangathandizidwe ndi pepala limodzi. Mphunzitsi amene sanafunse kuti mwana wanu ali pati, alibe choti akuphunzitseni.

ZIZINDIKIRO ZA WONYENGA

1. Amalonjeza kuchiritsa. Otizimu ilibe mankhwala oichotsa, kaya a kuchipatala, a zitsamba kapena ochokera kunja. Mwana amaphunzira, amakula, amasintha kwambiri, koma palibe jakisoni kapena botolo loichotsa.

2. Amatchula tsiku limene mwana adzalankhule. Palibe dokotala padziko lapansi amene angatchule tsikulo.

3. Safuna kumuona mwana, kapena amangomuona pa kanema wa pa foni n'kunena kuti wadziwa zonse.

4. Amakufulumizitsani kuti malo atsala ochepa, tumizani lero lomwe pa M-Pesa kapena e-Mola, ku nambala ya munthu, popanda risiti.

5. Maphunziro ake amathera pa kugulitsa: madontho, ufa, mafuta opaka, mapiritsi opanda dzina.

6. Amakuletsani kupita kuchipatala, kapena amati musauze anamwino.

7. Amakutulutsani m'chipinda kuti atsale yekha ndi mwana. Mwana wosalankhula sangakuuzeni zimene wachitidwa. Pamenepa musagonje ngakhale pang'ono.

8. Mwana akapanda kusintha amaloza inu chala: chikhulupiriro chanu n'chochepa, simunatsate bwino, onjezerani ndalama.

Satifiketi ndi chidindo zisakuchititseni khungu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mufunseni kumene anaphunzira ndi amene wamutuma, kenaka pitani nokha mukafunse ku ofesi ya zaumoyo ya boma, Serviço Distrital de Saúde, Mulher e Acção Social, ngati akumudziwa.

ZINTHU ZIMENE ZINGAPHE MWANA

Madontho otchedwa MMS kapena CDS. Awa ndi chlorine dioxide, mankhwala oyeretsera mapepala ndi nsalu m'mafakitale, m'bale wake wa jiki. Bungwe la FDA la ku America linachenjeza za madonthowa mu 2010 ndi mu 2019. Amasanzitsa, amatsegula m'mimba, amaumitsa thupi ndi kuwotcha matumbo. Ogulitsa amati kusanzako ndiye kuti poizoni akutuluka, ndipo tizidutswa ta matumbo totuluka ndi chimbudzi amatitcha njoka za m'mimba. Musaganize kuti zili kutali. Mu 2019 zinaululika kuti madontho omwewa ankagawidwa kwa anthu masauzande ambiri ku Uganda kudzera mwa abusa ena, ndipo makanda omwe ankamwetsedwa. Mu 2023 khoti la ku Miami linatumiza kundende Mark Grenon ndi ana ake atatu chifukwa cha malonda amenewa.

Mankhwala oti amatsuka magazi kapena kuchotsa zitsulo m'thupi. Mu 2005 mwana wa otizimu wa zaka 5 anamwalira ku Pennsylvania akulandira mankhwala otere.

Kudula pansi pa lilime ndi kutema mphini m'kamwa. Mwana amene anayamwa bwino, amatafuna, amanyambita supuni ndi kulira mokweza, lilime lake ndi lomasuka. Chimene chikuchedwetsa mawu chili mu ubongo, lumo silifikako. Lumo limabweretsa kutaya magazi, kafumbata ndi matenda ena opatsirana.

Kumana mwana madzi kapena chakudya, kaya kuti alankhule, kaya m'dzina la kusala. Pemphero ndi labwino ndipo limatilimbitsa, koma wosala akhale wamkulu, mwana adye ndi kumwa.

Kusiyitsa mankhwala a khunyu. Ana a otizimu amagwa khunyu kawirikawiri kuposa ana ena. Kusiya mankhwalawo mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kosalekeza, kumene kumapha.

Kukana katemera. Bodza loti katemera wa chikuku amayambitsa otizimu linachokera kwa Andrew Wakefield wa ku Britain, amene mu 1998 analemba za ana 12 okha. Mu 2010 magazini ya The Lancet inachotsa nkhani yakeyo, ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2019, wa ana 657,461, sanapeze kugwirizana kulikonse. Chikuku ndicho chimapha ndi kuchititsa khungu. Pitirizani kupita kusikelo.

Kumanga mwana ndi chingwe, kumutsekera m'nyumba yekha, kapena kumukwapula kuti chiwanda chituluke. Ndikudziwa chimene chimatifikitsa pamenepo: mayi ayenera kupita kumunda, ndipo mwana amathawa. Manthawo ndi oona. Kafukufuku wa ku America wa mu 2012 anapeza kuti pafupifupi theka la ana a otizimu anayesapo kuchoka pamalo osadziwika kumene alowera. Ena mwa iwo amakopeka ndi madzi. Kuno tili ndi mtsinje wa Revúbuè, maenje a oumba njerwa amene amadzaza m'dzinja, zitsime zosavundikira, njanji, ndi malole a pa N7. Komabe chingwe chimasiya mabala pa thupi ndi mumtima. Ikani loko pamwamba pa chitseko, vundikirani chitsime, sokerani nambala ya foni m'kati mwa malaya ake, uzani anansi ndi ogulitsa pamsika kuti akamuona yekha amusunge. Akasowa, yambani kufunafuna kumadzi.

MAPHUNZIRO ENIENI AMAONEKA CHONCHI

Sindikunena kuti makolo asaphunzire. Tiyenera kuphunzira ndithu, pakuti mwana amakhala ndi ife usana ndi usiku, pomwe katswiri amamuona kwa mphindi zochepa. Ndikupatseni muyezo woti muziyezera aliyense wobwera.

Mu 2022 WHO inatulutsa maphunziro a olera ana otchedwa Caregiver Skills Training, amene anakonzedwa mothandizana ndi bungwe la Autism Speaks n'kuyesedwa m'mayiko oposa 30, kuphatikizapo Ethiopia ndi Kenya. Ndi a makolo a ana a zaka 2 mpaka 9. Ali ndi misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 a kunyumba, kuti mphunzitsi aone mwana weniweniyo pakhomo pake. Angaphunzitsidwe ndi anamwino kapena ogwira ntchito zaumoyo m'midzi amene aphunzitsidwa bwino, ndipo mabuku ake ndi aulere pa intaneti. Mulibe botolo, mulibe lonjezo la kuchira. Muli kusewera, kusamba, kudya ndi ntchito za pakhomo, zimene kholo limaphunzira kuzisandutsa nthawi yomvana ndi mwana.

Mphunzitsi woona amayamba ndi mafunso. Mwana wanu akafuna kanthu amatani? Amakonda chiyani? Chimamuopsa n'chiyani? Akamva mayankho m'pamene amasiyanitsa malangizo.

Kwa mwana wosalankhula, amakuphunzitsani kulandira njira iliyonse imene akunenera: kuloza, kukoka, kupereka chinthu, chizindikiro cha manja, chithunzi. Njira yopereka chithunzi posinthana ndi chimene mwana akufuna, yotchedwa PECS, anaiyambitsa Andy Bondy ndi Lori Frost mu 1985. Musaope kuti zithunzi ndi manja zimupangitsa ulesi. Akatswiri apeza kuti sizitsekereza mawu, ndipo kwa ana ena zimawatsegulira njira. Khalani pansi maso anu alingane ndi ake, nenani liwu limodzi lokha, kenaka dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa mwana wobwereza mawu, musamufunse mafunso ambiri. Mupatseni mawu amene iye akanafuna kunena. M'malo mofunsa kuti "Ukufuna madzi?" nenani kuti "Ndikufuna madzi" uku mukumupatsa kapu, kuti akabwereza abwereze choyenera. Muonetseni zinthu ziwiri, nthochi ndi mbatata, asankhe.

Kwa mwana wolankhula bwino, nenani zinthu mwachindunji, osazungulira. Muuzeni pasadakhale zimene zichitike: mawa tikwera chapa, mudzakhala anthu ambiri, tikatsikira pamsika. Muphunzitseni malo a thupi lake amene munthu sayenera kugwira, ndi amene angamuuze wina akamuvutitsa. Kambiranani ndi aphunzitsi ake kuti asatenge kusamvetsa ngati mwano.

Ndipo wina akakuuzani kuti musiye Chichewa kapena Chinyungwe, muzingomulankhula Chipwitikizi kuti asasokonezeke, musamvere. Kafukufuku sanapeze kuti zilankhulo ziwiri zimachedwetsa mwana wa otizimu. Mukamuchotsera chilankhulo cha pakhomo mwamuchotsera agogo ake, nyimbo zomugoneka ndi macheza a pa mphasa.

KUMENE MUYENERA KUPITA

M'mera m'poyamba. Ngati mwana wakwanitsa miyezi 12 osaloza kapena kugwedezera dzanja potsanzika, miyezi 16 osatchula liwu, miyezi 24 osalumikiza mawu awiri, kapena wasiya mawu amene ankanena kale, tengani kadi lake la kusikelo mupite kuchipatala chapafupi. Musadikire kuti alowe sukulu. Uzani APE, wothandiza zaumoyo wa m'mudzi mwanu. Pemphani kuti amuyeze makutu, pakuti mwana wosamva nayenso salankhula, ndipo thandizo lake ndi lina. Nenani ngati anadwalapo malungo aakulu okomola, ngati khutu linatulukapo mafinya, kapena ngati amagwa. Pemphani kuonana ndi técnico de psiquiatria, ndipo pakafunika akulembereni kalata yopita ku Hospital Provincial de Tete. Inu a ku Zóbuè amene mumaolokera ku chipatala cha Mwanza, dziwani kuti kumeneko angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kulikonse kumene mwapita, sungani mapepala onse pamodzi.

Za sukulu, mwana wanu ali ndi ufulu. Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko lino imati nzika zolumala zili ndi ufulu wonse monga wina aliyense, ndipo Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012. Ku Tete kuli Centro de Recursos de Educação Inclusiva, amodzi mwa malo atatu otere m'dziko muno. Funsani aphunzitsi aakulu a sukulu ya kwanu kuti akulumikizeni.

Mukaona mwana akumwetsedwa madontho aja, akudulidwa, akumangidwa kapena akugwiriridwa, imbani 116, Linha Fala Criança. Ndi yaulere. Kapena pitani kupolisi, ku Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Ngati mwaberedwa, musafufute mauthenga ndi umboni wa ndalama zimene munatumiza. Manyazi athu ndiwo chakudya cha anthu amenewa. Ine ndinakhala chete nthawi yaitali, ndipo mtima umandipweteka ndikaganiza za makolo ena amene anagulitsa mbuzi zawo pambuyo panga.

PEMPHO LANGA

Mafumu, anyakwawa ndi alembi a m'mabairo, musapereke bwalo kapena kalasi kwa munthu amene ofesi ya zaumoyo sikumudziwa. Abusa, ansembe, mashehe ndi akuluampingo, lengezani chenjezoli, ndipo mwana wotseka makutu kwaya ikamaimba musamutulutse ngati wodetsedwa. Asing'anga a m'bungwe la AMETRAMO, mwana wosalankhula akabwera kwa inu, lumo libwerere m'thumba, mutumizeni kuchipatala. Akuluakulu a zaumoyo a boma la Moatize, tibweretsereni maphunziro a makolo aulere, m'zilankhulo zathu, afike ku Cateme, Kambulatsitsi ndi Zóbuè, pakuti pamene thandizo loona lachedwa wonyenga amafika msanga. Tsiku la 2 Epulo, limene United Nations inalipatula mu 2007 kuti dziko lizikumbukira za otizimu, litipeze tili pamodzi makolo, tikuphunzitsana. Abambo anzanga, musathawe pakhomo ndipo musaloze chala mkazi. Mwanayo ndi magazi anu, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Mdzukulu wanga tsopano ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Namwino wina wodekha anatiphunzitsa kupachika kapu yake ya pulasitiki pa msomali wapansi, pamene iye angafikire. Tinayamba ndi kumugwira dzanja kuti aitenge n'kuipereka kwa mayi ake, iwo n'kunena kuti "madzi" kamodzi kokha, n'kumupatsa pomwepo. Panapita milungu yambiri. Tsiku lina m'mawa, ine ndili pakhonde, anabwera yekha n'kuika kapu ija pa bondo langa, n'kuima phee kudikira. Lero mawu ake sakwana khumi, koma ali ndi kapu, supuni, nsapato ndi zithunzi zake, ndipo sitimvanso mutu ukugunda khoma. Pa zimenezi sitinalipire kanthu.

Werengerani chenjezoli mnansi wanu amene sadziwa kuwerenga, ndipo mulitumize kwa abale a ku Mithete kulikonse kumene ali. Mwana wanu akulankhula kale m'njira yake. Musalole munthu akugulitseni mawu n'kumulanda njirayo.